Mmene mungalembere mbiri ya malemu amene anagwira ntchito m'boma

Achemwali, pepani ndi zovutazi. Mwafunsa mmene mungalembere mbiri ya bambo anu, oti anabadwira pa boma la Nkhotakota, n'kugwira ukalaliki m'boma mpaka kupuma, kuti ikawerengedwe pa tsiku lovundukula chiliza. Musathamangire cholembera, yambani mwatsegula sutikesi ya mapepala awo.

Funanimo kalata yowalembera ntchito, makalata owakweza ndi owasamutsa, kalata yopumira, khadi la ubatizo ndi mtchatho. Chaka chobadwa musachitenge pa chiphaso cha unzika chokha. Pa kalembera wa 2017 achikulire ambiri anangotchula chaka chongoganizira, ndiye mukawerengetsa mumapeza kuti munthu anayamba ntchito ali ndi zaka 11. Fananizani ndi khadi la ubatizo, ndipo ngati anali a Anglican kafunseni ku tchalitchi cha All Saints cha ku Nkhotakota za kaundula wakale. Mapepala a nthawi ya atsamunda amati Kota Kota, ndi konkuno. Mukaona malipiro a mapaundi ndi mashileni, dziwani kuti ndi zakale kwacha isanabwere mu 1971. Sub A ndi Sub B muzilembe momwemo, musazisandutse Sitandade 1 ndi 2, chifukwa amsinkhu wawo adzakhalapo ndipo adzakutsutsani.

Mapepala angokupatsani zaka ndi maudindo basi. Zinazo zili kwa anthu atatu: mbale wawo wamkulu, mnzawo wa kuntchito amene akadali moyo, ndi munthu wamba amene anathandizidwapo paofesi pawo. Wachitatuyu ndiye amaiwalika, chonsecho ndi amene amadziwa ntchito yeniyeni ya kalaliki. Musafunse kuti anali munthu wotani, aliyense adzangoti anali wabwino, wokonda anthu. Funsani kuti anakuchitirani chiyani, liti, malo ati. Mwina mumva za mayi wamasiye wochokera kwa Mwansambo amene anapeza ofesi itatsekedwa, iwo n'kumugoneka pakhomo pawo, m'mawa n'kumuyendetsera mapepala a chuma cha masiye osapempha kangachepe. Nkhani ziwiri zotere zikwanira. Munthu wokhala malo amodzi moyo wake wonse amadziwidwa ndi msika wonse, choncho mukawakometsera mopitirira, kumbuyo kudzamveka manong'onong'o.

Pamene pamayambira moto ndi pa ana. Musanalembe chiwerengero, khalani pansi ndi mwini mbumba, akuchimuna ndi akuchikazi alipo, mugwirizane maina onse, kuphatikizapo ana a kubanja loyamba ndi amene anatsogola. Mwana mmodzi akasiyidwa, amaona ngati mwamuchotsa pa chuma cha masiye, ndipo mwambo umasokonekera pomwepo. Mukawerenga muziti ana analipo angati, amoyo angati, zidzukulu zingati. Matenda musawatchule dzina pokhapokha banja litavomereza. "Atadwala kwa kanthawi" zakwana.

Kasanjidwe n'kosavuta: dzina ndi mfunda, mudzi, mfumu yaikulu monga Malengachanzi kapena Mwadzama, sukulu, ntchito, banja, mpingo, kenako imfa. Pa ntchito pokhapo ndi poti muchedwepo.

Mbiriyo isapitirire mphindi zisanu, amene ndi masamba awiri olembedwa zilembo zikuluzikulu. Dzuwa la kunyanja kuno silinyengerera, ndipo amfumu, abusa ndi oimira a DC nawonso akudikira nthawi yawo. Sindikizani makope atatu: la wowerenga, la woyendetsa mwambo, lina losunga. Wowerenga asakhale mwana amene sangathe kuugwira mtima. Sankhani mphwawo wa mawu omveka, ndipo ayeserere mokweza kawiri usiku wake kuti maina a midzi asamupunthwitse.

Musanasindikize, pitani kwa mmisiri wa chiliza mukaone kuti zaka zimene akulemba pamwala zikufanana ndi za m'mbiriyo. Akazokota kale, kukonza nambala imodzi kumafuna mwala wina.