Mabungwe osagawana phindu ku Indiana: alipo angati, ndipo ndi ati angakuthandizeni?

Mayi ena a kwathu amene akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, atilembera imelo. Iwo ndi anzawo ali ndi kagulu kosonkherana pa maliro, ndipo tsopano akufuna kuyamba kulipirira fizi ana a kumudzi. Amva kuti ku Indiana kuli mabungwe a nonprofit (osagawana phindu) osawerengeka. Akufunsa kuti mabungwewa ndi otani, nanga pa unyinji wonsewo sangapezeke awiri atatu oti awagwire mkono?

Mayi, zoti ndi ambiri n'zoona. Indiana ili ndi anthu pafupifupi 6.8 miliyoni, ndipo mabungwe otere alipo masauzande makumi angapo. Koma ochuluka mwa iwo si opereka ndalama. Lamulo limangofuna kuti bungwe lisakhale ndi mwini wake wotenga phindu: ndalama zikatsala pakutha pa chaka zibwerere mu ntchito. Kulipiritsa anthu n'kololedwa, kulipira mabwana malipiro akuluakulu n'kololedwanso. Zili ngati zipatala za mishoni za CHAM kwathu, zimene odwala amalipira ndithu koma palibe amene amagawana ndalamazo.

Ndiye m'gulu limeneli muli yunivesite ya Notre Dame imene mumaiona tsiku ndi tsiku, chipatala cha Memorial cha Beacon Health System, zipatala za IU Health, ndi za Parkview ya ku Fort Wayne. Muli NCAA, yoyendetsa masewera a m'makoleji, ndi American Legion ya asilikali akale, onse awiri likulu lawo lili ku Indianapolis. Mulinso matchalitchi, mizikiti, mabungwe a ogwira ntchito, a amalonda, oyang'anira manda, makomiti a makolo pasukulu, ndi timagulu ta mpira wa ana timene chuma chawo chonse chimakwana mu envelopu imodzi. Nthambi yotolera msonkho ya IRS imawagawa m'magulu. A 501(c)(3) ndi a zachifundo, zachipembedzo ndi zamaphunziro, ndipo amene wawapatsa mphatso amachotseredwa pa msonkho wake. A (c)(6) ndi a amalonda, a (c)(7) ndi makalabu ochezera, a (c)(13) ndi a manda, a (c)(19) ndi a asilikali akale.

Mukafufuza chiwerengero mupeza manambala osiyana, ndipo palibe akunama. Kaundula wa IRS ndi wina, wa ofesi yolembetsa mabungwe ya Secretary of State ku Indianapolis ndi winanso, ndipo mayina ake safanana. Matchalitchi sakakamizidwa kulembetsa ku IRS. Kagulu kolandira madola osapitirira 5,000 pachaka nakonso sikakakamizidwa kupempha kuvomerezedwa. Komanso m'makaundulamo mumatsala mayina a mabungwe amene anafa kalekale.

Chofunika kwambiri kwa inu ndi pamene pali ndalama. M'dziko lonse la America, pa anthu 10 aliwonse ogwira ntchito kunja kwa boma, pafupifupi mmodzi amagwira ku nonprofit, ndipo oposa theka la amenewa ali ku zaumoyo. Chuma chadzadza m'zipatala ndi m'mayunivesite ochepa. Mabungwe ambiri alibe n'komwe wantchito wolipidwa. Ndalama zochuluka za mabungwe achifundo zimachokera ku zimene anthu amalipira, monga fizi ndi mabilu a kuchipatala, kenako ku boma kudzera mu Medicare ndi Medicaid (mapulogalamu olipirira odwala kuchipatala) ndi makontilakiti. Mphatso ndi gawo laling'ono, ndipo pa mphatsozo pafupifupi magawo awiri mwa atatu amapereka ndi anthu wamba, osati mafawundeshoni. Ndiye mukalembera chipatala chachikulu kalata yopempha fizi ya ana a ku Ntcheu, mwagogoda pakhomo losayenera.

Opereka ndalama enieni ndi mafawundeshoni, ndipo apa Indiana ndi yodala. Lilly Endowment, imene banja la Lilly linakhazikitsa mu 1937 ndi masheya a kampani ya mankhwala ya Eli Lilly, ndi imodzi mwa zazikulu kwambiri m'dziko lonselo. Ntchito zake ndi za chitukuko cha m'madera, maphunziro ndi chipembedzo, ndipo mtima wake uli kwambiri pa Indiana yomweyo. Kuyambira 1990 yakhala ikuthandiza kukhazikitsa mafawundeshoni a m'madera, moti maboma onse 92 a m'chigawochi ali ndi yowatumikira. Popeza South Bend ili m'boma la St. Joseph, yanu ndi Community Foundation of St. Joseph County. Koma taonani dzina lakelo: inakhazikitsidwa kuti itukule anthu a m'boma limenelo. Pulogalamu yothandiza ana a obwera kumene ku South Bend pa homuweki angaimvetsere. Fizi ya kumudzi si yawo.

Musanalembere fawundeshoni iliyonse, werengani fomu yake ya msonkho. Ndi yaulere pa webusaiti ya ProPublica Nonprofit Explorer kapena ya Candid. Mafawundeshoni a mabanja ndi a makampani amadzaza 990-PF, ndipo chakumapeto kwake kuli mndandanda wa onse amene anapatsidwa ndalama chaka chimenecho, ndi kuchuluka kwake. Ngati pa zaka zitatu simukuonapo dzina limodzi la ntchito ya ku Africa, musataye nthawi. Pafomu yomweyo pali kabokosi kamene ambiri amachonga konena kuti amangopereka kwa amene adzisankhira okha, salandira makalata opempha. Chifukwa china chimene amazengerezera n'chakuti kutumiza ndalama mwachindunji ku bungwe la kunja kumawapatsa ntchito yowonjezera: ayenera kulondola ndalamazo mpaka zitatha ndi kupereka malipoti, kapena kutsimikizira kuti bungwelo n'lofanana ndi bungwe lachifundo la ku America. Fawundeshoni yaing'ono yopanda loya imangoti ayi.

Tsopano za kagulu kanu. Thumba la maliro ndi thumba la fizi zisakhale m'bungwe limodzi. IRS yakana kambirimbiri kupereka 501(c)(3) kwa magulu amene ntchito yawo yaikulu ndi kulipira maliro a mamembala, chifukwa opindula ndi osonkhawo eni ake, osati anthu onse. Kutumiza thupi kumudzi ndi ntchito yolemekezeka, koma kwa a msonkho ndi kuthandizana kwa mamembala. Mukaphatikiza ziwirizi, za maliro zikhoza kugwetsa za fizi.

Pa za fizi, njira yake ndi iyi. Mupeze anthu osachepera atatu a bodi, monga lamulo la Indiana likufunira, ndipo ndi bwino asakhale a banja limodzi. Mulembetse bungwe ku Secretary of State pa webusaiti ya INBiz, ndipo m'chikalatacho mukhale ndime ziwiri zimene IRS imayang'ana: cholinga chachifundo, ndi yonena kuti bungwe likatha katundu wake adzapita ku ntchito ina yachifundo. Ambiri amaiwala yachiwiriyi n'kubwezedwa. Mutenge nambala ya msonkho ya bungwe yotchedwa EIN, imene ndi yaulere pa webusaiti ya IRS (pali ena amalipiritsa, apeweni), mutsegule akaunti ya bungwe, kenako mupemphe 501(c)(3). Fomu yaifupi ya 1023-EZ ndi ya amene sayembekezera kupitirira madola 50,000 pachaka ndipo katundu wawo sapitirira 250,000. Mtengo wake wakhala madola 275, pamene fomu yonse ya 1023 ndi 600. Mukapempha pasanathe miyezi 27 chilembetsereni, chilolezo chimawerengedwa kuyambira tsiku limene bungwe linabadwa.

Pali mbuna ziwiri. Yoyamba: bungwe lanu lisakhale paipi yongodutsitsa ndalama. Bodi ya ku Indiana ndiyo isankhe ana potsata mfundo zolembedwa, ilipire kusukulu mwachindunji, isunge malisiti ndi malipoti a mayeso. Munthu akapereka madola 300 n'kunena kuti "awa ndi a mwana wa mchemwali wanga", imeneyo ndi mphatso ya pachibale, ndipo kumulembera lisiti la msonkho n'kulakwira lamulo. Nkhani imeneyi idzakuvutani pakati pa anthu akwathu, chifukwa aliyense ali ndi mphwake wanzeru amene akusowa fizi. Lembani lamulo lake msanga ndalama zisanabwere.

Yachiwiri ndi lipoti la chaka ndi chaka. Olandira madola 50,000 kapena kucheperapo amadzaza 990-N pa intaneti, ya mafunso ochepa chabe, pofika 15 May ngati chaka chawo chimatha mu December. Mukadumpha zaka zitatu zotsatizana, chilolezo chimafafanizidwa chokha. Mu 2011 mabungwe pafupifupi 275,000 anachotsedwa motero nthawi imodzi. Nthawi zambiri chimachitika n'chakuti mlembi wasamukira kwina ndi pasiwedi yake, makalata akupita ku adiresi yakale. Ku Secretary of State nakonso kumafunika lipoti zaka ziwiri zilizonse.

Ngati mukuyembekezera kusonkha madola ochepera 10,000 pachaka, maganizo athu ndi akuti musathamangire kulembetsa. Pezani bungwe limene lili kale ndi 501(c)(3) likusungireni ndalamazo pansi pa dzina lake, zimene amati fiscal sponsorship. Ambiri amadula pakati pa 5 ndi 10 peresenti, ndipo mapepala onse a msonkho amakhala awo. Poyambira pabwino ndi mpingo umene mumapemphera: makomiti a mishoni m'matchalitchi anazolowera kutumiza ndalama kunja. Pitani ndi pepala limodzi lolembapo dzina la sukulu, fizi ya temu imodzi mu kwacha ndi mu madola, chiwerengero cha ana, mfundo zowasankhira, ndi amene adzasaina malisiti kumudziko. Mgwirizano wanu ndi iwo ulembedwe, unene bwinobwino kuti mukadzalembetsa bungwe lanulanu, ndalama zotsala adzazisamutsira kumeneko.