Amayi akuwonda koma kuchipatala sadapeze matenda

Agogo, chimwalirireni bambo, amayi sagona tulo, mtima umawagunda, mutu suwaleka ndipo awonda. Kuchipatala adawayeza malungo ndi shuga, sadapeze kanthu. Azakhali akuti alodzedwa, achimwene akuti akungodzichititsa. Ndimvere ndani?

Mdzukulu wanga, onse awiri aphonya, koma achimwene ako ndiwo aphonya kwambiri. Ukawafunse ngati munthu angadzinamize mpaka chitenje kumamasuka chokha m'chiuno.

Maganizo ndi thupi zimayendera limodzi. Tayerekeza ukuyenda madzulo, waona chingwe panjira n'kuyesa njoka. Palibe chakuluma, koma m'kamwa mwauma, miyendo ikunjenjemera, mtima uli thi thi thi. Ubongo ndiwo waimba lipenga, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso n'kutulutsa m'magazi adrenaline, mankhwala a m'thupi othamangitsa mtima. Ukazindikira kuti n'chingwe, zonse zimazizira. Nanga amayi ako, amene njoka yawo sichoka usiku ndi usana? Akuganiza za malemu, za fizi, mwinanso za munda umene ena ayamba kuulozaloza. Thupi limatopa nazo. Tulo timathawa, nsima simalowa, BP imakwera.

Makolo athu adalibe makina oyezera, koma izi ankazidziwa. N'chifukwa chake pa maliro azimayi ankagona m'nyumba ya siwa limodzi ndi namfedwa, kumuphikira phala, kumutenthetsera madzi osamba, kukhala naye mpaka tsiku lometa. Masiku ano dothi likangokwiriridwa, aliyense maso ali pa minibasi. Zimenezi zimandiwawa.

Usasiye amayi adye okha. Khala nawo pamphasa, uziwathandiza kusadzula ndiwo, ndipo akayamba kutchula bambo ako usawadule ndi mawu akuti "limbani mtima". Asiye alire, alankhule. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kumakhala pabenchi pafupi ndi zipatala n'kumamvetsera anthu osweka mtima, ndipo ntchitoyo, ya Friendship Bench, yathandiza ambiri.

Bwereraninso kuchipatala, mukanene mosabisa za imfayo ndi kusowa tuloko, mupemphe kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo. Kupita kwa iye si misala ayi. Zikafuna akatswiri, kuli Zomba Mental Hospital ndi Saint John of God ku Mzuzu. Koma ukamva amayi akunena zofuna kutsatira malemu, usadikire kuche, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Azakhali usakangane nawo. Apemphe abwere adzagone ndi amayi sabata ino. Achimwenewo uwatume akaone za munda.