Kanyali ka diff lock kakungothwanima: ndidule mawaya?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zolemba zanga. Ndaifupikitsa, koma funso lawo ndi ili: "Ndagula pikapu ya 4x4 yoyendapo kale. Pafupi ndi chiwongolero pali batani la diff lock. Ndikalidina, kanyali ka pa dashibodi kamangothwanima osakhazikika, ndipo galimoto imayenda monga mwa masiku onse. Mnzanga akuti tingodula mawaya, batanilo tililumikize mwachindunji ku difu kuti izigwira nthawi iliyonse imene ndafuna, ngakhale mu 2H (pamene galimoto ikukoka ndi matayala awiri akumbuyo okha). Kodi ndichite zimenezi, kapena pali pamene ndikulakwitsa?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanadule waya ngakhale mmodzi. Simunatchule mtundu wa pikapu yanu kapena chaka chake, choncho ndikhudza mitundu ingapo. Koma ndinene msanga maganizo anga: kanyali kothwanima nthawi zambiri sikatanthauza kuti chinachake chafa. Galimoto ikukuuzani kuti yamva, koma pali chimene ikudikira. Tipeze kaye chimenecho.

Tiyambire mu difu momwemo, bokosi la magiya limene lili pakati pa matayala awiri akumbuyo, chifukwa mukadziwa zochitika mkatimo, zotsalazo muzimva nokha. Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati. Pa pikapu, matayala awiri akumbuyo amatalikirana mamita pafupifupi 1.5, ndiye mukazungulira bwalo lathunthu kamodzi, lakunja limaposa linzake ndi mamita opitirira 9. Difu ndi imene imalola kusiyana kumeneku. Koma ili ndi khalidwe limodzi lovuta: mphamvu yopotokola imaigawa mofanana ku matayala onse awiri. Tayala limodzi likakhala pamatope oterera, kapena likalendewera m'mwamba pakachigwembe, limazungulira popanda cholilimbitsa, ndipo linzake lomwe laponda nthaka yolimba limalandira kamphamvu kochepa komweko. N'chifukwa chake mumaona tayala limodzi likumwaza matope mpaka pagalasi, linalo lili duu, ngati nkhaniyo sikulikhudza.

Diff lock imathetsa zimenezi mwa njira yosavuta kumva. Mkati muli mano achitsulo amene akalowana, mashafuti awiri akumbuyo amakhala ngati chitsulo chimodzi, matayala n'kumazungulira limodzi zivute zitani. Chokankha manowo chimasiyana. Pa ma Toyota ambiri, makamaka akalekale, pali kamota komangidwa kunja kwa difu kamene kamasuntha foloko yachitsulo. Mitundu ina, monga Eaton ELocker ndi imene imabwera pa mapikapu a Ford, imagwiritsa ntchito maginito amagetsi ali mkati, ndipo kunja mumangoona waya ukulowa.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. Manowo salowana pokhapokha atayang'anizana bwino ndi mipata yake. Mukadina batani galimoto itaima, mwina dzino lakumana ndi dzino linzake mutu ndi mutu. Kamota kapena maginito akhala akukankha, koma polowera palibe, ndipo kanyali kapitiriza kuthwanima mpaka tayala limodzi litasuntha pang'ono kusiyana ndi linzake. Munthu amene waimika galimoto pabwalo, n'kudina, n'kudikira, n'kudinanso, akhoza kutha tsiku lonse akukhulupirira kuti anamugulitsa chinthu chakufa.

Chachiwiri ndi malamulo amene kompyuta ya galimoto imatsatira isanalole magetsi kupita ku difu. Pa Toyota Hilux ndi Tacoma za 4x4, diff lock ya kufakitale imagwira mu 4L basi (giya yamphamvu yokoka ndi matayala onse anayi pang'onopang'ono), ndipo galimoto iyenera kukhala itaima kapena ikuyenda pansi pa makilomita 8 pa ola. Nissan Navara nayo imafuna 4L, chimodzimodzinso Isuzu D-Max yatsopanoyi. Ford anasankha njira ina: pa Ranger ndi F-150 mukhoza kudina ngakhale mu 2H, koma liwiro likafika cha m'ma 40 pa ola, kompyuta imamasula yokha, n'kudzagwiranso mukatsika cha m'ma 30. Manambala enieni a galimoto yanu ali m'buku lake, ndipo ngati munagula yopanda buku, mabuku amenewa amapezeka pa intaneti. M'imelo mwanu mwatchula 2H, zomwe zikundipatsa maganizo akuti mwina mwakhala mukudina muli mu 2H pa galimoto yofuna 4L.

Ndiye yesani motere. Pezani malo a dothi kapena timiyala, osati paphula. Imani, ikani giya pa nyutulo, pondani kilatchi ngati ndi ya manyuwo, lowetsani 4L, ndipo dikirani kuti nyali ya 4L ikhazikike. Mfundo imeneyi musaidumphe. Ngati nyali ya 4L nayonso ikuthwanima kapena siikuyaka n'komwe, vuto lanu lili pa transfer case (bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) kapena pa kaswichi kake kouza kompyuta kuti 4L yalowa, ndipo difu ilibe mlandu. Ikakhazikika, dinani batani la diff lock, nyamukani pang'onopang'ono ngati munthu woyenda pansi, uku mukupotoza chiwongolero pang'ono kumanzere ndi kumanja. Mukatsitsa galasi mumva kaphokoso kumbuyo kuti kha, kanyali n'kukhazikika. Pa ma Toyota, nyali ya ABS (chipangizo choletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwamphamvu) imayakanso nthawi yomweyo. Musachite mantha, ndi mmene anaikonzera, ndipo ndibwereranso pa mfundo imeneyi. Tsopano khotani kwambiri: mumva tayala lamkati likukwekwereza dothi, galimoto ikukhala ngati ikukana kukhota. Mukamva zimenezo, zonse zili bwino. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga ngati mwachita zonsezi koma kanyali kakuthwanimabe? Musanatsegule chilichonse, gwadani kumbuyo kwa galimoto muyang'ane difuyo ndi maso anu. Pa galimoto yoyendapo kale, batani silikhala umboni. Mwini wakale akhoza kuti anasintha ekiselo yonse n'kuikapo ina yopanda loko (diff lock), batani n'kutsala pamalo pake. Mukapanda kuona kamota pambali pa difu kapena waya wolowa m'chigoba chake, dziwani kuti palibe chimene batanilo likulamula. Izi zikukhudzanso ena amene amandilembera kuti akufuna "kutsegula" diff lock ndi kompyuta pa galimoto imene inabwera yopanda. Mapulogalamu monga FORScan, amene eni ma Ford amagwiritsa ntchito, amangouza kompyuta ya galimoto kuti chipangizocho chilipo. Sangapange mano achitsulo pamene palibe. Pamafunika ekiselo yokhala ndi loko, mawaya ake ndi batani, ndipo pa 4x4 magiya a difu yakumbuyo ayenera kufanana ndi a yakutsogolo, apo ayi mukalowetsa 4H (kukoka ndi matayala onse anayi pa liwiro wamba) zitsulo ziyamba kulimbana zokhazokha.

Ngati waya ulipo, kuyesa kumene ndimakukhulupirira kuposa kwina kulikonse ndi uku. Imikani pamalo athyathyathya ndi olimba, lowetsani 4L, zimitsani injini koma makiyi akhale pa ON. Tchingani matayala akutsogolo mbali zonse ziwiri, chifukwa handibuleki muimasula. Kwezani matayala onse awiri akumbuyo ndipo ekiselo ikhale pa zochirikiza zachitsulo, osati pa jeke yokha, ndipo musalowe pansi. Zunguzani tayala limodzi ndi manja: linalo lizungulira chobwerera m'mbuyo. Imeneyo ndi difu yomasuka. Tsopano wina adine batani inu mukupitiriza kuzunguza pang'onopang'ono. Loko ikagwira, tayala liima mwadzidzidzi m'manja mwanu, osasunthanso, chifukwa shafuti yapakati yamangidwa ku matayala akutsogolo omwe ali pansi. Galimoto zina sizilola injini itazima, ndiye zikakana pamenepa musaliza injini matayala ali m'mwamba, bwererani ku kuyesa kwa padothi kuja.

Kuyesaku kumalekanitsa mavuto awiri ofanana maonekedwe. Tayala likaima koma kanyali kakuthwanimabe, loko ikugwira, chakufa ndi kaswichi kakang'ono kouza dashibodi kuti mano alowana, kapena waya wake. Tayala likapanda kuima, tsatirani magetsi kuyambira pa fyuzi, kenako pulagi ya pa ekiselo. Pulagi imeneyi imakhala m'matope ndi m'madzi moyo wake wonse, ndipo nthawi zambiri mukaisolola mupeza timapini tobiriwira ndi dzimbiri, kapena waya wothothoka ndi chitsa. Ngati nyali ya ABS imayaka nthawi zonse, yambani mwakonza zimenezo, popeza galimoto zambiri zimadziwa liwiro kudzera m'masensa a m'matayala, ndipo kompyuta yosadziwa liwiro siilola loko.

Pa pikapu yanga yakale vuto linali kamota. Mwini wake woyamba sanadinepo batanilo kwa zaka. Nditamasula chivindikiro, panatuluka timadzi tofiirira, ndipo girisi inali itauma gwa ngati dongo la m'chilimwe. Kapaipi kopumira kanali katathothoka, madzi n'kumalowera pamenepo. Ndinatsuka, ndinapukuta tizitsulo todutsa magetsi mpaka titawala, ndinaika girisi yatsopano, kamota n'kudzuka. Koma ndikuchenjezeni: magiya a mkatimo ali ndi malo ake enieni, mukawabwezera molakwika loko siifika kumapeto. Jambulani chithunzi musanachotse kalikonse, kapena perekani ntchitoyi kwa makaniko amene anaigwirapo.

Tsopano nzeru ya mnzanu ija. Si yachilendo. Eni ma Tacoma ku America akhala akuchita zoterezi kwa nthawi yaitali, kunamiza kompyuta kuti galimoto ili mu 4L pomwe siili. Ndipo chifukwa chawo ndimachimvetsa: mumchenga wakuya munthu amafuna liwiro la 4H, osati kukwawa kwa 4L, ndiye zimawawa kuona batani likukana pamene ukulifuna. Komabe kwa inu ndikuti ayi, ndipo zifukwa zake ndi zimene ndaziona ndi maso.

Mukalumikiza batani mwachindunji, mwachotsa mlonda. Ford amalola 2H chifukwa kompyuta imamasula yokha liwiro likakwera. Waya wa mnzanuyo sadziwa liwiro. Bondo likagunda batani muli pa 80, kapena mwana akalidina mukuyenda, magetsi apita basi. Mano akamayesa kulowana tayala limodzi likuthamanga kuposa linzake, amabenthuka, ndipo tizidutswa take timasakanikirana ndi oyilo n'kumadya magiya ena onse. Akalowana muli pakona yaphula, galimoto imafuna kupita molunjika ngakhale mwapotoza chiwongolero, ndipo ngati kwagwa mvula, matayala onse awiri akumbuyo amaterereka pamodzi. Kumbukiraninso nyali ya ABS ija: pa galimoto zimene zimazimitsa ABS loko ikagwira, mudzakhala mukuthamanga opanda chitetezo chimenecho. Pamwamba pa zonsezi, ngati vuto lanu ndi kamota kouma kapena pulagi yadzimbiri, kudula mawaya sikuchiza kanthu. Mudzangowonjezera vuto lachiwiri pa loyamba, ndipo makaniko wodzabwera pambuyo adzavutika kudziwa chimene chinachitika.

Ngakhale pa liwiro lochepa, loko si bwenzi pamalo aliwonse. Tsiku lina ndinkadutsa njira yamatope yopendekera mbali imodzi, kumunsi kuli ngalande. Ndinadina loko poganiza kuti ndikudzithandiza. Nditangopatsa moto pang'ono, kumbuyo konse kunayamba kutsetserekera cham'mbali, pang'onopang'ono, ine ndikuona pagalasi ngalande ikuyandikira. Difu ikakhala yomasuka, tayala limene silikuzungulira limagwira nthaka ngati nangula. Ine ndinali nditazula nangulayo ndi chala changa. Ndinachotsa phazi pamoto, ndinamasula loko, n'kudutsa bwinobwino mu 4L yokha. Mtima unagunda kwa nthawi yaitali tsiku limenelo.

Pamene loko imaonetsa ntchito yake ndi pamigula ndi m'maenje osinthanasinthana, pomwe tayala limodzi limalendewera, pachitunda chamiyala chofuna kukwera molunjika, ndi potuluka m'matope chiwongolero chili chowongoka. Idineni musanalowe pamalo ovutawo, mukadali pouma. Ngati mwatitimira kale, chotsani phazi pamoto, matayala aime kaye, kenako dinani. Musadine tayala likupalasa. Mukangodutsa, masulani nthawi yomweyo. Kanyali kakachedwa kuzima, ndiye kuti mano apanikizika ndi mphamvu ya m'mashafuti: chepetsani moto, yendani molunjika, kapena bwererani m'mbuyo mamita awiri atatu, amasuka okha. Matayala akumbuyo osiyana kukula kapena mpweya amachititsa kuti kumasukaku kuzivuta, choncho ayang'aneni nawonso.

Loko yanu ikadzuka, muziidina kamodzi pamwezi padothi, ngakhale kulibe matope, kuti kamota kasaumenso. Ndipo mukawoloka madzi ofika pa ekiselo, tsegulani pothirira oyilo wa difu muone mtundu wake. Akaoneka woyererako ndi wathovu, madzi alowa, musintheni musanayende ulendo wautali.

Bambo, ndilembereninso mundiuze mtundu wa pikapu yanu ndi chaka chake, ngati nyali ya 4L ikukhazikika, ndi zimene tayala linachita m'manja mwanu mutadina batani. Mukatha, jambulaninso difuyo chakumbuyo ndi cham'mbali kuti ndione ngati waya ulipo. Ndi zimenezo tidziwa poyambira.