Funsani Dokotala: Kodi chikumbumtima chingapengetse munthu?

Adokotala, ndili Folomu 4 ndipo tikuwerenga sewero la Macbeth. Aphunzitsi akuti Lady Macbeth anachita misala chifukwa cha chikumbumtima. Zandiopsa, chifukwa chimwalirireni khanda lawo miyezi itatu yapitayo, azakhali anga sagona, amangoti anapha mwanayo ndi iwo pochedwa kupita naye kuchipatala. Kodi nawonso apenga?

Mwanawe, pepa ndi zovutazo, ndipo wachita bwino kufunsa.

Tiyambe ndi mayi wa m'seweroyo, lomwe William Shakespeare analemba cha m'ma 1606. Usiku umene mwamuna wake anapha mfumu Duncan ku Scotland, iye ndiye anali wolimba mtima: anapaka magazi alonda ali m'tulo, nauza mwamuna wake kuti timadzi pang'ono tichotsa zonse. Pofika gawo lachisanu, tikumuona akuyenda ali m'tulo, maso ali yuu koma osaona kanthu, akutikita manja ngati akusamba, akudandaula kuti fungo la magazi silikuchoka. Kandulo analamula kuti isamachoke pambali pake. Mdima anayamba kuuopa.

Kuyenda m'tulo pakokha si misala. Kumachitika tulo tikafika pakuya, makamaka kumayambiriro kwa usiku, ndipo nkhawa ndi kusowa tulo zimautsa vutoli. Atabwera kwa ine mayi ameneyu, ndingaganizire kwambiri za matenda ovutika maganizo, aja achipatala timati depression, komanso bala la mumtima lomwe limatsala munthu akaona zoopsa.

Chimene chimandipweteka ndikamawerenga pamenepa ndi dokotala wa m'seweromo. Anaima patali, anamvetsera, kenako n'kunena kuti nthendayi yamukanika, ikufunika wansembe. Chimodzi chokha anakhoza: anauza wantchito kuti achotse chilichonse chimene mayiyo angadzivulaze nacho, ndipo asamusiye yekha. Kumapeto Malcolm, mwana wa mfumu Duncan, akunena kuti anthu akuganiza kuti anadzipha.

Azakhali ako ndi osiyana naye. Lady Macbeth anapalamuladi. Iwo ndi mayi wofedwa amene akudziweruza mopitirira muyeso, ndipo kudziimba mlandu kotereku ndi chizindikiro cha nthendayo. Kulira maliro n'kwachibadwa, koma miyezi itatu osagona, mawu ali omweomwewo, mpofunika chipatala. Uwaonetsetse: akudya? Akusamba? Akumva mawu a anthu osaoneka? Akunena zoti bola kufa? Funso lomalizali muwafunse mosabisa, kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akati inde, bisani zingwe, tameki ndi mankhwala ena, ndipo mupite nawo tsiku lomwelo.

Uza amayi kapena amalume ako, usasenze wekha. Yambani kuchipatala cha boma chapafupi, mufunse namwino woona za matenda amaganizo. Ngati pafunika, adzakutumizani ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Kuli uphungu, kulinso mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline, omwe amatenga milungu iwiri mpaka inayi asanayambe kumveka m'thupi, choncho asawasiyire panjira. Abusa abwere kudzawapempherera, inde, koma mapemphero asalowe m'malo mwa ulendo wakuchipatala. Ndipo pakhomopo pasapezeke wowatchula wamisala.