Mafunso a Owerenga: Zithunzi za asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America

Ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale. Zithunzi za asilikali a nkhondo ya ku America ya 1861 mpaka 1865 zilipo zambirimbiri, chonsecho makamera anali osowa. Zinatheka bwanji? — Mphunzitsi

Aphunzitsi, nkhondoyi inayamba kujambula kutangotsika mtengo. Panali njira zitatu zimene zinafala. Ambrotype inali chithunzi cha pagalasi, chopakidwa utoto wakuda kumbuyo kuti chioneke. Tintype inali ya pakachitsulo kopyapyala kopakidwa vanishi wakuda, ndipo Hamilton Smith analembetsa luso limeneli mu 1856. Yachitatu, carte de visite, inali kapepala komatidwa pakhadi la masentimita pafupifupi 6 m'lifupi ndi 10 m'litali.

Nkhondoyi inali pakati pa zigawo za Kumpoto ndi za Kummwera. Msilikali wamba wa Kumpoto ankalandira madola 13 pamwezi kufikira 1864, ndipo zithunzi zina zinkagulidwa masenti 25 okha. Ojambula ankatsatira magulu ankhondo ndi ngolo zawo n'kumanga tenti pafupi ndi msasa. Popanga tintype ankathira mankhwala omata otchedwa collodion pakachitsuloko, n'kukaviika m'madzi a mankhwala otchedwa silver nitrate, kenako n'kujambula ndi kutsuka mankhwalawo asanaume, zonsezi m'mphindi 10 kapena 15. Msilikali ankachoka ndi chithunzi chake tsiku lomwelo. Tintype inkakondedwa kumsasa chifukwa sinkasweka. Ankangoiika m'kalata n'kutumiza kwa mkazi kapena mayi ake, ndipo a kumudzi nawonso ankatumiza zawo ndi za ana. Kummwera zinthu zinali zovuta. A Kumpoto atatseka madoko akumeneko, mankhwala ndi zipangizo zinasowa, n'chifukwa chake zithunzi za asilikali akumeneko n'zochepa.

Ana asukulu muwauze mfundo iyi: ambrotype ndi tintype zinalibe negativi yoti n'kusindikizira china. Chithunzi chinkakhala chimodzi chokhacho. Chikatayika panjira, banja limakhala lataya nkhope ya mwana wawo.

Ndinamva kuti msilikali wina anadziwika dzina chifukwa cha chithunzi cha ana ake. Kodi ndi zoona? — Mayi wowerenga

Ndi zoona, mayi. Nkhondo ya ku Gettysburg itatha mu July 1863, kunapezeka mtembo wa msilikali wa Kumpoto wopanda chilichonse chomudziwikitsa, m'manja mwake muli ambrotype ya ana atatu. Nthawi imeneyo boma silinkapatsa asilikali tizitsulo ta maina tovala m'khosi, moti ambiri anaikidwa m'manda opanda dzina. Chithunzicho chinafika kwa dokotala wa ku Philadelphia, John Francis Bourns. Nyuzipepala sizinkatha kusindikiza zithunzi, choncho mu October 1863 nyuzipepala ya Philadelphia Inquirer inangofotokoza m'mawu: anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, wamng'ono atakhala pakati, ndiponso zovala zawo. Nyuzipepala zina zinatengera nkhaniyo mpaka inafika ku Portville, m'chigawo cha New York, kwa Philinda Humiston, amene anali atatha miyezi osalandira kalata ya mwamuna wake. Iye anakumbukira chithunzi chimene anamutumizira. Bourns anamutumizira kope la pakhadi, lopangidwa pojambulanso ambrotype ija ndi kamera, ndipo mu November mayiyo anazindikira ana ake, Frank, Alice ndi Fred. Womwalirayo anali Sajeni Amos Humiston wa gulu la 154th New York.

Makope a chithunzicho anagulitsidwa ambiri, ndipo ndalama zake zinathandiza kutsegula nyumba ya ana amasiye a asilikali ku Gettysburg mu 1866. Nkhani ya Humiston imatchuka chifukwa zotere sizinkachitika kawirikawiri. Zithunzi zochuluka zotoledwa m'matumba a akufa sizinabwerere kwa eni ake, popeza panalibe analembapo dzina.

Ndili ku America ndipo ndinagula kachithunzi ka msilikali m'kabokosi kotseka ndi tingowe. Ndingadziwe bwanji mtundu wake, chaka chake, ndi mbali imene ankamenyera? — Bambo wosonkhanitsa zakale

Bambo, yambani ndi maginito ang'onoang'ono. Ayandikizeni pagalasi lakutsogolo mosagunditsa mwamphamvu. Mukamva akukoka, ndi tintype, chifukwa ndi yachitsulo. Akapanda kukoka, pendekani chithunzicho m'kuwala. Chikamanyezimira ngati kalilole, nkhope n'kumaoneka ndi kuzimiririka, ndi daguerreotype, mtundu wakale umene unali utayamba kutha nkhondo isanayambe. Chikamaoneka mofanana mbali zonse, chotuwa ndiponso ngati chakuya pang'ono, ndi ambrotype. Muyeso wofala ndi wa masentimita pafupifupi 7 ndi 8, kapena 5 ndi 6.

Za chaka, umboni wabwino ndi sitampa ya msonkho. Kuyambira pa 1 August 1864 mpaka pa 1 August 1866 boma la Kumpoto linkadula msonkho pa zithunzi: masenti 2 pa chithunzi chosapitirira masenti 25, masenti 3 kufika pa 50, masenti 5 kufika pa dola imodzi. Sitampayo imapezeka kumbuyo kwa khadi kapena kwa kachitsulo, nthawi zina mkati mwa kabokosi, ndipo wojambula ankaidinda kapena kulembapo zilembo za dzina lake, ena ndi tsiku lomwe. Kusowa kwa sitampa sikutsimikiza kanthu, chifukwa zina zinamatuka.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa yunifomu. Amati yakuda ndi ya Kumpoto, yotuwa ndi ya Kummwera. Koma collodion inkaona mitundu mosiyana ndi maso athu: buluu wowala ankatuluka wotuwa kapena woyera, pomwe chikasu ndi zofiira zinkatuluka zakuda. Thalauza la buluu wowala la Kumpoto limaoneka lotuwa. Komanso mu 1861 magulu ena a Kumpoto ankavala zotuwa, ena a Kummwera zabuluu. Mfuti ndi mipeni nazonso musazikhulupirire msanga, popeza ojambula ambiri ankabwereketsa zida kuti mnyamata aoneke woopsa kwa abale ake, ndipo mfuti imodzimodziyo imapezeka m'manja mwa anthu osiyanasiyana. Yang'anani kachitsulo komangira lamba, zilembo ndi manambala a pachipewa, ndi mabatani. Tintype imatembenuza chithunzi ngati kalilole, choncho zilembo US zimaoneka chammbuyo. Jambulani ndi foni n'kutembenuza pakompyuta, mudzaziwerenga bwino. Chomvetsa chisoni n'chakuti ojambula ankakonda kupaka mabatani utoto wagolide pofuna kukongoletsa, n'kuphimba chizindikiro chimene chikanatiuza chigawo cha msilikaliyo.

Dzina lolembedwa papepala la mkati mwa kabokosi ndi poyambira chabe. Ogulitsa ankasinthanitsa timabokosi, moti dzina likhoza kukhala la munthu wina. Lifufuzeni m'kaundula wa asilikali ku National Archives, kosungira zolemba zakale za boma la America, muone ngati udindo ndi gulu zikugwirizana ndi zovala. Poyerekezera mungagwiritse ntchito zithunzi za Liljenquist Family Collection za ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, zomwe zili pa intaneti.

Tintype yathu yapindika ndipo yayamba dzimbiri m'mbali. Tingaitsuke? — Wowerenga

Ayi, chonde musaitsuke, kaya ndi madzi, sipiriti kapena nsalu yonyowa. Chithunzi chenichenicho ndi kachikopa kopyapyala kwambiri ka collodion kokutidwa ndi vanishi, ndipo sipiriti amasungunula zonse ziwiri. Fumbi lichotseni ndi kapopo kamphira kopemerera mpweya. Musaiwongolenso. Pamene yapindika vanishi anang'aluka kale, chinyezi chinalowera pomwepo n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo kuwongola kumathothola zidutswa za nkhope.

Igwireni m'mphepete mutavala magolovesi amphira a mtundu wa nitrile. Iikeni yokha m'kathumba ka pulasitiki wa mtundu wa polyester kapena envelopu yopanda asidi, pamodzi ndi khadi lolimba loichirikiza. Mapulasitiki a PVC ayi, amatulutsa mankhwala owononga. Malo ake akhale ouma ndi ozizira, chinyezi cha 30 mpaka 40 peresenti, kutentha kosapitirira madigiri 21, kutali ndi dzuwa, denga ndi khoma lonyowa. Ambrotype ikayamba kuoneka ngati ili ndi mabowo, kawirikawiri ndi utoto wakumbuyo umene ukuthothoka, chithunzicho chili bwinobwino, ndipo katswiri wosamalira zakale amakonza poika pepala lakuda kumbuyo. Inu nokha musatulutse galasi m'kabokosi.

Pojambula kope, ikani nyali ziwiri m'mbali, iliyonse ipendekeke madigiri 45, kuti galasi lisanyezimire. Jambulani kutsogolo, kumbuyo ndi mkati mwa chivundikiro. Zimene munapeza pamodzi ndi chithunzicho, kaya kalata, kachingwe kapena tsitsi lopotedwa limene mabanja ankaika m'timabokosi, zisalekanitsidwe nacho. Dzina la msilikali, gulu lake, ndi amene anakupatsani chithunzicho mulembe ndi pensulo pa envelopu, osati pachithunzi.