Funsani Amalume: Nyimbo za eni zikuyenda, zanga zangoti duu

Amalume,

Ndine mtsikana wa zaka 22, ndimakhala ndi makolo anga ku Chilomoni mu Blantyre. Masana ndimaluka tsitsi mu saluni. Gitala ndinaphunzirira kutchalitchi, ndipo chaka chatha ndinayamba kudzijambula ndi foni kuseri kwa nyumba kwathu n'kumaika mavidiyo pa TikTok, Facebook ndi YouTube. Ndikaimba nyimbo za oimba otchuka anthu amaonera ndithu, ina inafika 90,000. Koma ndikaika nyimbo yopeka ndekha, sipitirira 600. M'kope mwanga muli nyimbo 11. Ndalama sindinaonepo ngakhale tambala, bandulo yokha ndiyo ikundimaliza.

Tsopano bambo wina wa situdiyo wandilembera pa WhatsApp kuti andijambula nyimbo zisanu ulere, ndi vidiyo yomwe, bola nyimbozo zikhale za situdiyo yake ndipo aziike pa tsamba lake la YouTube. Akuti zosainirana n'zosafunika poti ndife abale mwa Ambuye. Bambo anga akuti ndisiye zoimbazi ndikachite kosi yogwirika. Mayi sakunenapo kanthu, koma dzana ndinawamva akuimba kolasi ya nyimbo yanga ina akutsuka mbale. Ndivomere za situdiyozi? Nanga saluni ndisiye kuti ndilimbikire kuimba?

Mphwanu wa ku Chilomoni

Mphwanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo pamene pandigwira mtima ndi pa mayi akopo. Munthu ali pakati pa mbale ndi mapoto saimba nyimbo kuti akondweretse mwana wake. Imangotuluka yokha chifukwa yamera m'mutu. Ndiye kuti m'kope mwakomo muli nyimbo imodzi, mwina zingapo, imene ili ndi moyo. N'chifukwa chake ndiyamba ndi nkhani ya bambo wa situdiyoyo, pakuti ndiyo mphika umene ukusefukira.

Usavomere mmene waneneramo. Ndikubwerezanso: usavomere.

Ine ndinakhudzako zingwe za gitala ya besi m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya makaseti. Tinali anyamata asanu, tinajambula nyimbo zisanu ndi zitatu, ndipo wamalonda wina anatipatsa ndalama kamodzi n'kutenga tepi yathu yoyambirira. Gawo langa ndinagulira njinga ndi malata khumi, ndipo tsiku limenelo ndinagona mokondwa. Patapita zaka ndinkamvabe nyimbo zathu m'maminibasi ndi m'misika, kaseti ikugulidwa, ife tilibe ponenera chifukwa panalibe pepala lililonse. Mnzathu amene anapeka zambiri mwa nyimbozo anamwalira akudandaula, ndipo ana ake sanalandirepo kanthu. Izi zimandiwawabe mpaka lero, ndiye sindingakhale chete iwe ukulowera njira yomweyo.

Pa nyimbo iliyonse pali umwini uwiri. Woyamba ndi wa mawu ndi kaimbidwe kake, umenewo ndi wako iwe wopeka. Wachiwiri ndi wa chojambulidwacho, chimene chimatuluka mu situdiyo. Lamulo la umwini wa zaluso la chaka cha 2016 limateteza wopeka moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira. Taganiza, mphwanga: chimene bamboyo akupempha posinthana ndi masiku ochepa a mu situdiyo ndi chuma chimene adzukulu ako akanadzadyako. Ndipo akaika nyimbozo pa tsamba lake n'kuzilembetsa m'dzina lake, otsatira onse amene nyimbozo zingakope adzakhala ake, ndalama ikabwera idzalowa kwa iye, komanso YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID amene amazindikira nyimbo yolembetsedwa ikaikidwa kwina. Tsiku lina ungadzaike nyimbo yako pa tsamba lako, makinawo n'kunena kuti mwini wake ndi wina.

Sindikunena kuti bamboyo ndi wakuba. Situdiyo imadya magetsi, lendi ndi nthawi, ndiye n'zomveka kuti afune phindu. Ngati ndi munthu wachilungamo, pepala silimuopsa. Mpatse njira ziwiri. Yoyamba, usunge ndalama za ku saluni umulipire nyimbo imodzi yokha, akupatse mafayilo ako onse, nkhani ithere pomwepo. Yachiwiri, ajambule ulere koma mulembe kuti mawu ndi kaimbidwe ndi zako, iye atengako gawo lakuti pa chojambulidwacho kwa zaka zakuti, ndipo nyimbo ituluka pa tsamba lako. Musainirane pali mboni, aliyense asunge lake. Akakwiya nazo, wakuyankha kale. Ubale mwa Ambuye sutha chifukwa cha cholembera.

Chinanso ndinene monga malume: kusitudiyo usamapite wekha, makamaka usiku. Tenga mchimwene wako kapena mnzako wa kwaya. Atsikana ambiri aluso anasiya kuimba chifukwa cha zimene anapemphedwa chitseko chitatsekedwa, ndipo sindifuna kudzamva zimenezo za iwe.

Nyimbo 11 zija, zijambule zonse pa foni, mawu ndi gitala basi, uzitumize ku imelo yako kuti tsiku lioneke. Ukatero funsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso limene lakhalapo kuyambira 1992 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, za mmene ungalembetsere ngati membala pamodzi ndi nyimbo zako. Iwo ndi amene amatolera ndalama ku mawailesi, ma TV ndi malo oimbitsa nyimbo n'kugawira eni ake. Mnzako akakuthandiza ndime imodzi kapena akakupangira biti, lembani tsiku lomwelo kuti wachita chiyani ndipo gawo lake ndi lotani. Mikangano ya oimba imayamba nyimbo ikatchuka, pamene aliyense wayamba kukumbukira mosiyana.

Tsopano za 90,000 ndi 600 zija. Zisakugwetse mphwayi, chifukwa si chiweruzo cha luso lako. Makina a TikTok amayamba aonetsa vidiyo kwa anthu ochepa n'kuona ngati aima kapena adutsa. Nyimbo yodziwika imaimitsa chala cha munthu nthawi yomweyo poti amaidziwa kale, pamene yako akuimva koyamba, ndiye amadutsa isanafike pokoma. Kuimba za eni si tchimo. Justin Bieber wa ku Canada anayamba ndi mavidiyo oimba nyimbo za ena amene mayi ake ankaika pa YouTube mu 2007, ndipo Shawn Mendes anadziwika mu 2013 ndi timavidiyo ta masekondi asanu ndi limodzi pa Vine, pulogalamu ya mavidiyo imene inalipo nthawi imeneyo. Kungoti ndalama ya nyimbo ya eni imapita kwa eni akewo, ndipo anthu akakuzolowera choncho amakutenga ngati wailesi yopempherako nyimbo. Za enizo zikhale khomo, koma munthu akalowa apeze iwe.

Ndaonera ana ambiri akutaya masekondi khumi oyamba ndi moni, kukonza gitala ndi kufotokoza. Yamba ndi kolasi, pomwe paja mayi ako amaimba. Mawu a nyimbo alembedwe pa vidiyopo kuti woonera aziimba nawo. Ndipo nyimbo imodzi usaiike kamodzi n'kuitaya: lero kolasi yokha, sabata yamawa ndime yachiwiri, kenako uimbe ndi anzako awiri a kwaya, tsiku lina ufotokoze chimene chinakupeketsa. Nyimbo ya CKay wa ku Nigeria yotchedwa Love Nwantiti inatuluka mu 2019, koma inadzagwedeza dziko kudzera pa TikTok mu 2021. Panadutsa zaka ziwiri isanafike pamenepo.

Kamera yodula usaivutikire. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika kunja chifukwa cha vidiyo wamba akuimba ndi babatoni wake, gitala yaikulu yopanga yekha ya chingwe chimodzi. Anthu anakopeka ndi chimene anamva, komanso poti chinali chakechake. Woonera amapirira chithunzi chosawala, koma mawu a phokoso sawapirira. Kuseri kwa nyumba kuli mphepo, agalu ndi chigayo cha apafupi. Lowa m'chipinda chokhala ndi makatani ndi matiresi kuti mawu asamabwerere, uyang'ane kuwindo kuti kuwala kugwere kumaso, foni uitsamiritse pa mabuku isagwedezeke. Ndalama ikapezeka, chinthu choyamba kugula ndi kamaiki kakang'ono kopanira pa bulauzi. Tsiku limene magetsi alipo ndipo foni yadzadza, jambula mavidiyo anayi kapena asanu, uziika imodziimodzi ndi bandulo ya usiku. Ndipo imba m'Chichewa chako cha ku Chilomoni chomwecho. Oimba ngati a ku America alipo kale ambirimbiri kwawoko.

Za ndalama ndikuuza zoona zokhazokha. Kuti YouTube iyambe kukugawira ndalama za malonda pamafunika otsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, kapena otsatira 1,000 omwewo ndi timavidiyo tatifupi toonedwa ka 10 miliyoni m'masiku 90. Ndondomeko imeneyi siinatsegulidwe m'mayiko onse, ndiye uyambe waona mndandanda wawo usanaikepo mtima, ndipo salipira ndalama zisanakwane madola 100. Spotify, pulogalamu yomvererapo nyimbo pa intaneti, inafika ku Malawi mu 2021, koma nyimbo imalowako kudzera kwa ofalitsa monga DistroKid kapena TuneCore amene amafuna malipiro m'madola, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 pa chaka silandira kanthu kumeneko. Kumbukira agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Nyimbo yawo ya Linny Hoo, imene anaibwereza ndi Patience Namadingo mu 2020, inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok pofika Januwale 2022. Atolankhani atawapeza kumudzi ali ndi zaka 92, analibe ngakhale foni yoonera TikTok yomweyo. Nambala ya pa foni ndi ndalama ya m'thumba ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kuno kwathu woimba amadya akaima pamaso pa anthu: pa chinkhoswe, pa ukwati, pa msonkhano wa kampani, pa mwambo wa tchalitchi, pamene anthu akufupa. Ntchito ya vidiyo ndi kuuza mayi amene akukonza ukwati wa mwana wake ku Namiwawa kuti kuli mtsikana woimba mokoma ku Chilomoni. Choncho pa tsamba lako pakhale nambala ya ntchito, yosiyana ndi yako ya masiku onse, yolandiranso Airtel Money kapena Mpamba. Yang'ana bwino ndemanga za anthu 600 aja. Mwa iwo muli amene amabwera nthawi zonse, ena ali ku Johannesburg kapena ku Leeds ndipo akupukwa kwawo. Ayankhe mmodzimmodzi. Oterewa ndi amene amapempha nyimbo ya tsiku lobadwa la mayi awo n'kulipira, ndiponso ndi amene adzagule tikiti tsiku lako loyamba. Ukakhala ndi nyimbo zitatu zomveka bwino, lembera okonza zikondwerero monga Tumaini ya ku Dzaleka m'boma la Dowa, imene inayamba mu 2014, kapena Lake of Stars. Ngati ukufuna kunola luso, Music Crossroads ku Area 23 ku Lilongwe imaphunzitsa achinyamata zoimba.

Saluni usasiye. Ndiyo ikugula bandulo, ndiyonso idzalipire situdiyo kuti usapemphe ulere kwa munthu. Komanso amayi amene amakhala pansi maola atatu ukuwaluka ndi omvera abwino kuposa makina alionse: ika nyimbo yako chapansipansi osanena kuti ndi yako, uone ngati wina afunse. Gula kope lina ulembemo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka chifukwa cha kuimba. Ikadzakhala kuti miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana zoimba zikuposa za saluni, udzandilemberenso tidzakambirane.

Bambo ako sakudana ndi nyimbo. Anaona oimba amene anasangalatsa dziko lonse akukalamba m'umphawi, ndipo mantha awo ndi omveka. Usakangane nawo, ndipo kosiyo usaikane ngati angathe kulipira, pakuti kuimba kumatheka madzulo ndi Loweruka. Kope la ndalama lija udzawaonetse pakatha miyezi itatu, mayi ako ali pomwepo. Ndipo nyimbo yoyamba kulipirira ku situdiyo ikhale imene mayi ako amaimba potsuka mbale ija.

Amalume

Amalume,

Mnzanga akuti ndimupatse K20,000 andigulire otsatira 5,000 pa Facebook kuti tsamba langa la nyimbo lizioneka lalikulu. Nditero?

Mnyamata wa ku Mchesi

Mphwanga,

Ayi. Ambiri mwa otsatira ogulawo si anthu, ndi maakaunti opanda eni. Samvera nyimbo, salemba ndemanga, sabwera ku zoimbaimba. Choipa kwambiri n'chakuti Facebook ikaonetsa vidiyo yako kwa iwo n'kuona kuti palibe akuonera, imaleka kuifalitsa ngakhale kwa anthu enieni amene amakukonda, ndipo malamulo ake amalola kutseka tsamba lochita zoterezi. Okonza zoimbaimba nawonso anachenjera: akaona otsatira 5,000 koma ndemanga zitatu, amadziwa chimene chachitika. K20,000 yakoyo gulira zingwe zatsopano za gitala, yotsalayo ikhale ya bandulo ya mwezi uno.

Amalume