Kalulu uja sindimuiwala

Mtsikana wina amene akuphunzira sayansi ku yunivesite wandilembera imelo. Akufuna kudzachita kafukufuku wa mankhwala, koma mtima wake sukumulola kubaya makoswe jakisoni, ndiye akufunsa ngati pali njira ina. Mchemwali, mwandikumbutsa zakale.

Ine ndinakulira kumudzi. Tikakolola tinkakumba mbewa, n'kuziwamba pamoto, n'kudyera nsima, choncho magazi sindiwaopa. Koma tsiku lina tili chaka chachiwiri ku yunivesite, anatibweretsera kalulu woyera m'labu, atamutsekera m'kabokosi kamatabwa, mutu wokha uli kunja. Mankhwala ogonetsa anali ochepa. Kalulu uja analira, kulira kwake ngati kwa khanda, ndipo manja anga anayamba kunjenjemera. Titamaliza tinalemba m'makope zomwe zinali kale m'buku lathu. Anafera zinthu zodziwika kale.

Anzanga ankandiseka kuti, "Iwe wodya mbewa, lero chisoni chachokera kuti?" Mbewa imafa kamodzi ndipo imachotsa njala pakhomo. Kuzunza chamoyo usakuphunzirapo chatsopano ndi nkhanza basi, ngakhale wozunzayo atavala gawuni yoyera.

Ndipo zoti "palibe njira ina" ine zinandikwana. Kuyambira m'ma 1930, madokotala ankayeza mimba pobaya mkodzo wa mayi mwa chule wamkazi wa ku South Africa wotchedwa Xenopus. Chule akaikira mazira, ankadziwa kuti mayiyo ndi woyembekezera. Lero mayi amangogula kapulasitiki ku famase, chule ali phee m'dambo mwake. Zodzoladzola nazo ankaziyesa pozidontheza m'maso mwa akalulu, koma mu 2013 mayiko a European Union analetseratu kugulitsa zodzola zoyesedwa pa nyama, ndipo makampani akugwiritsa ntchito khungu lomeretsedwa m'labu kuchokera ku maselo (tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi) a munthu. Mu 2010 akatswiri a ku Harvard anapanga kachipangizo kakang'ono ngati chala, kokhala ndi maselo a m'mapapo, kamene kamafutukuka n'kukhwinyata ngati munthu akupuma. Mu Disembala 2022 dziko la America linachotsa lamulo loumiriza kuti mankhwala atsopano ayambe ayesedwa pa nyama asanafike kwa anthu. Pajatu khoswe si munthu: mankhwala ambiri ochiza makoswe amakalephera akafika pa ife.

Sindikunamizani, kafukufuku wina, monga woona mmene mankhwala amayendera m'thupi lonse, akudalirabe nyama.

Nanga inu mutani?

Tsatani mfundo zitatu izi zoteteza nyama pa kafukufuku, zimene asayansi a ku Britain, William Russell ndi Rex Burch, analemba mu 1959. Afunseni aphunzitsi anu ngati maselo kapena kompyuta sizingayankhe funsolo. Ngati nyama zikufunikadi, zikhale zochepa, ndipo zigonetsedwe mokwanira komiti yoona za kafukufuku itavomereza. Panopa limbikirani kuphunzira kusamala maselo m'labu.